Gitala Yofiira ya Akhutu

Achimwene anga sanamwepo tiyi atakhala pansi. Amamwa choimirira, kapu kudzanja ili, dzanja linalo likugwiragwira chinthu chimene sichinawalakwire: chitseko cholira, wailesi ya eni, chigwiriro cha poto chimene chayamba kugwedera. Mukawapatsa mpando amakhala m'mphepete mwenimweni ngati pakati pali minga, mwendo ukunjenjemera, maso ali kukhomo. Mayi athu ankati mwana ameneyu anabadwa akuthamangira basi. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo ndawapirira moyo wanga wonse.

Sukulu anaisiyira panjira chifukwa mabenchi ake ankafuna munthu wodziwa kukhala. Anakhalapo kondakitala, anaumbapo njerwa, analondapo pa sitolo ina koma mwezi sunathe, akuti ntchito yongoyang'ana geti ikanawapha. Imene inawagwira mwendo ndi ya pagalaja. Analowa ngati wotsuka zitsulo m'beseni la mafuta, n'kudzakhala makaniko amene madalaivala ankachita kumudikirira. Luso lawo linali m'makutu. Galimoto ikabwera ikutsokomola, anzawo ankathamangira masipanala, koma iwo ankasolola sikuludiraiva yaitali ya chigwiriro chamtengo, n'kugunditsa nsonga yake pa injini, chigwirirocho n'kuchikanikiza pafupa la kuseri kwa khutu. Akatero ankatsinzina, n'kuima phee ngati si iwo. Potsegula maso ankangoti, "Musamasule zonse, vuto lili apa," ndipo kawirikawiri linkakhaladi pomwepo. N'chifukwa chake pagalaja ponse, ngakhale bwana mwini wake, ankawaitana Akhutu. Dzina limeneli ankalinyadira kuposa limene anawapatsa mayi.

Kupatula injini, chimene chinkawagwira mtima chinali gitala ya bokosi imene anagula kwa dalaivala wina wa lole adakali mnyamata. Akaweruka, n'kusamba ndi sopo wochapira kuti girisi achoke, ankaitenga n'kupita nayo pa sitepe ya pakhomo. Ndi pakamwa sankaimba, ndipo tithokoze, chifukwa mawu awo ndi a bakha. Ankaimba ndi zala, makamaka pa nsambo zing'onozing'ono za m'munsi zija, zolira mopyapyala. Nsambo zikuluzikulu ankazinyoza, ankati zimenezo ndi za anthu ongoperekeza nyimbo. Nyimbo zawo zinali zopeka okha, zopanda mayina. Aneba anazolowera, ana anakula nazo, ndipo alamu anga, mayi wofatsa amene amachapa ndi kusita nsalu za pachipatala, ankasenda zophika pafupi osanena kanthu.

Makutu sanatseke tsiku limodzi. Zaka zonse zija za nyundo, za makina opalira zitsulo, za injini zolizidwa popanda ekizozi, zinkadya pang'onopang'ono ngati chiswe. Wailesi ya kunyumba inayamba kukwera mawu. Ukawaitana atakufulatira, kuli zii. Mdzukulu wawo, kamtsikana ka mawu ngati kabelu, akamawafotokozera za kusukulu, iwo ankangomwetulira n'kumagwedeza mutu, mpaka mwanayo anatopa n'kuyamba kukafotokozera agogo aakazi. Ukawafunsa, ankati anthu a masiku ano timalankhulira m'mano. Kenako zinafika pagalaja. Anamasulitsa theka la injini ya minibasi, pomwe chimene chinkavuta chinali lamba wa fani amene ankaimba mluzu womveka ndi aliyense wodutsa mumsewu. Bwana anayang'ana kumbali, koma anyamata ophunzira ntchito anakaseka kuseri kwa lole.

Alamu ndi amene anawakokera kuchipatala. Kumeneko anawaveka zomvera m'makutu, n'kuwauza kuti azikweza dzanja akamva kulira. Alamu amati achimwene ankakweza dzanja mongolota, akuwerenga nkhope ya dokotala m'malo momvetsera. Yankho linabwera losazungulira. Mawu akuluakulu akulowabe, koma opyapyala anapita ndipo sadzabwerera okha. Pali kachipangizo kovala kukhutu kamene kangawathandize, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Achimwene anagulitsa njinga yamoto yawo yakale, alamu anawonjezera zimene ankabisa pansi pa sutikesi, ndipo ndalama inakwana ndendende ya kachipangizoko, osatsalako ngakhale ya basi.

Ndalama itakwana ndi pamene achimwene anatulukira ndi nzeru zawo. Tsikulo ndinalipo, ndinapita kukayesa mdzukulu uja yunifomu. Achimwene, akuzungulira tebulo, anatiuza kuti aganiza bwino, vuto si makutu kwenikweni ayi. Vuto ndi gitala ya bokosi ija, yakalamba, thabwa lake lafa mawu. Chofunika ndi gitala yamagetsi, chifukwa imeneyo ili ndi popotokola. Ukafuna ilire kwambiri, umangopotokola.

"Gulani kachipangizoko, bambo," anatero alamu mokweza mawu, monga tonse tinali titazolowera. "Mudzamva gitala yakaleyo, mudzamva mdzukulu wanu, mudzamva ndi ine ndemwe."

"Ndikavale chimenecho pagalaja? Akhutu akuyendera ndodo ya khutu? Dalaivala wake uti angandipatsenso galimoto yake?"

"Nanga panopa akukupatsani?"

Limenelo sanalimve, kapena analimva n'kulisiya lidutse. Masiku amenewo kunali kovuta kusiyanitsa.

Anakangana sabata yathunthu, ngati kumeneko n'kukangana, wina akukuwa wina akuyankha zina. Pamapeto pake alamu anatulutsa envelopu ya ndalama ija n'kuiika patebulo. "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha," anatero akuyang'ana ine. Kenako anawerama pakhutu la amuna awo. "Koma mudziwe kuti ndalama ndi yomweyi. Kulibe ina ikubwera."

Ine zinandipsetsa mtima zedi, ndipo ndinawauza achimwene kuti munthu wa imvi akamaganiza ngati mwana wa sukulu, ochita manyazi ndi abale ake. Anadikira ndimalize, n'kuti, "Iwe, Loweruka undiperekeze m'tauni. Paja umatha kunenerera mitengo." Linali bodza limenelo. Munthu amene amagula mapisitoni kwa mavenda sangaphunzire kunenerera kwa telala. Ankafuna makutu anga. Loweruka ndi tsiku limene telala amadyera, koma ndinavindikira makina n'kupita, poganiza kuti ndikakhalapo mwina envelopu ibwerako yamoyo.

Tinayambira sitolo yaikulu ya magalasi, mmene magitala anali lendelende kukhoma, aliyense ndi kapepala ka mtengo pakhosi. Achimwene ankatembenuza timapepalato kamodzikamodzi, n'kumatisiya msanga ngati tikuotcha. Wogulitsa, mnyamata wa tayi, anatitsitsira yotsika mtengo kuposa zonse. Ndisanaphethire, achimwene anali atasolola sikuludiraiva yawo m'jekete, nsonga yayandikira kale penti yonyezimira.

"Bambo, bambo, mukanda katundu," anatero wa tayi uja akuwagwira mkono.

"Ndikufuna ndiimve."

"Timamvera pa ampulifaya, osati ndi zida za pagalaja."

M'sitolo imeneyo tinatulukamo mwaulemu wochita kutiperekeza mpaka pakhomo, koma tinaphunziramo chinthu chimodzi chimene achimwene sanachiganizire. Gitala yamagetsi payokha ndi thabwa chabe. Imafuna ampulifaya, bokosi lokweza mawu lija, ndi waya wake wolumikizira. Ndalama imene sinkakwana ngakhale gitala yatsopano inayenera kudulidwanso pawiri. Ndinawauza kuti basi, tiyeni tibwerere, chipatala chili panjira yomweyi. Iwo anali atawoloka kale msewu, ine ndikuwathamangira ndi nsapato zanga za kutchalitchi.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la magitala a kaunjika. Tinapita kwa mkulu wina amene gulu lake loimba linatha chifukwa cholimbirana ndalama za paukwati wa eni. Gitala yake inali ndi khosi lopindika ngati uta, nsambo zili m'mwamba moti chala changa chinkadutsa pansi pake osakhudza. Mkuluyo ankati ikazolowera nyumba yatsopano iwongoka. Ina anaiona mwana wa achimwene pafoni, chithunzi chokongola ngati ya m'sitolo. Mwini wake tinakumana naye pa siteji ya basi, gitala ili m'thumba la feteleza, iye ali cheucheu, akufuna ndalama thumba lisanamasulidwe. Atamasula, zokungira nsambo zinkabwerera zokha ukangozisiya. Tinapezanso yatsopano m'sitolo yogulitsa mapoto, matochi ndi maambulera, yowala bwino, yopepuka ngati chidole. Timizere take tachitsulo ta pakhosi tinali totuluka m'mbali, ndipo achimwene atangotsetsereka dzanja kamodzi, chala chinatuluka magazi.

Ndisawanamizire, munthuyu ali ndi mutu. Posakhalitsa anali atadziwa poyang'ana. Ankanyamula gitala n'kuiloza kuwindo, diso limodzi lotsinzina, kuona ngati khosi lili lowongoka, monga amachitira ndi shafuti yoganiziridwa kuti yapinda. Ankakanikiza nsambo iliyonse kuyambira kumutu mpaka kumimba. Ankagwedeza polowetsa waya kuti aone ngati pali polimba. Koma ikafika nthawi yoyatsa ndi kupotokola zokwezera mawu, maso awo ankachoka pagitala n'kubwera pankhope yanga.

"Iwe ukuiona bwanji?" ankafunsa, ngati akungondiyesa.

"Ikuthetheka ngati madzi agwera m'mafuta a moto."

"Eya, inenso ndamva zomwezo," ankatero, n'kuibweza kwa mwini wake.

Gitala iliyonse yoipa inali chimwemwe changa. Ndinkabwerera kunyumba miyendo ikuwawa, makasitomala atandithawa, koma mtima uli m'malo chifukwa envelopu inali idakali m'sokosi mwawo. Iwo ndiye anali ngati nkhuku yofuna kuikira. Nthawi ya nkhomaliro pagalaja sankadya, ankathamangira kumene amva kuti kuli munthu wodziwa munthu amene ali ndi gitala. Kunyumba ankalowa ndi kutuluka, kutsegula wailesi n'kutseka, kutenga gitala ya bokosi n'kuibwezera pamsomali asanaikhudze nsambo. Alamu anachepa thupi. Mitengo ya zinthu inkakwera, ndipo tonse tinkadziwa kuti kachipangizo kaja sikakhala kakutidikira pamtengo wakale. Tsiku lina ndinawakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandiyankha kuti nkhono ilibe ntchito Lolemba.

Yofiira ija tinaipeza kumene sitinkaifuna. Ndinawapempha kuti tidutse kwa wokonza mawailesi, kuseri kwa msika, ndikatenge ayironi yanga. Kashopu kake n'kopapatiza, kodzaza ma TV akufa osanjikizana mpaka kudenga, kununkha waya wopserera. Mwini wake ndi bambo wachikulire wovala magalasi awiri nthawi imodzi, ena pamphuno ena pamphumi. Ine ndikufunsa za ayironi, achimwene anali atalowa kale kuseri kwa kauntala, kumene sanaitanidwe, n'kutulukako ndi gitala yofiira, penti itasupuka pamene pamagona mkono. Wokonza mawailesiyo anati mwini wake anaibweretsa kuti ikonzedwe, atasamukira kutali anatumiza mawu kuti ingogulitsidwa, pamodzi ndi kaampulifaya kake kong'ambika nsalu ya kutsogolo.

Khosi linali lowongoka. Zokungira zinali zolimba. Achimwene atasolola sikuludiraiva, bamboyo sanawaletse, anangotsitsa magalasi a pamphumi kuti aonetsetse, paja amisiri amamvana misala yawo. Anagunditsa nsonga pathabwa, chigwiriro pafupa, n'kundiuza kuti ndikwapule nsambo zonse pamodzi. Ndinakwapula. Nkhope yawo inamasuka mmene ndinali ndisanaionere chaka chonsecho.

"Iyi ili ndi mtima," anatero.

Panthawiyo palibe mwa ife anazindikira chimene chinkachitika. Injini ikadwala imagunda, ndipo kugunda kumayenda m'chitsulo mpaka m'fupa, ngakhale khutu litatopa. Chimene chinawafika tsiku limenelo chinali kunjenjemera kwa thabwa, kochokera ku nsambo zikuluzikulu. Nsambo yaing'ono sigunda. Njira imene inawadyetsa zaka zonse zija inawauza zoona za thabwa, koma za nyimbo zawo sinawauze kanthu.

Bamboyo analumikiza waya n'kuyatsa. Inalira bwino, mawu oyera, opanda kuthetheka kulikonse. Achimwene anandiyang'ana. Ndikanatha kukwinya nkhope, n'kupulumutsa envelopu Loweruka linanso, koma ine bodza limandikanika ngakhale pa kasitomala wonenepa amene akufuna kumva kuti diresi lamukhala. Ndinati ikulira bwino. Anaimbako pang'ono, mothamanga, n'kusiya. Panja wowotcherera zitsulo ankapala geti, oitanira minibasi akukuwa.

"Phokoso la panjali likusokoneza," anatero. "Ndikaimvera bwino kunyumba."

Mtengo wa zonse, gitala, kaampulifaya ndi waya, unameza envelopu yonse. Ndinanenerera mpaka kukamwa kuuma, chimene ndinapata ndi nsambo imodzi yapadera ndi ayironi yanga yaulere. Tisanatuluke, bamboyo anatenga kabotolo ka penti yoyera n'kudontheza pamutu pa sikuluwu iliyonse ya gitalayo.

"Mukaipeza vuto, kapena mukangosintha maganizo, bwerani nayo sabata isanathe, ndikubwezerani ndalama yanu yonse," anatero. "Koma penti iyi ndiipeze yosasweka. Amakaniko ndimakudziwani, manja anu amayabwa."

Ndinawabwerezera achimwene mawu amenewo pakhutu, mpaka anandikankha kuti amva. Mumtima ndinaona kakhomo katatseguka. Akakafika kunyumba n'kupeza kuti magetsi sanawabwezere chimene anataya, tidzabweza gitala, n'kulunjika kuchipatala ndalama ili m'manja. Ndinawanong'oneza alamu zimenezi titangofika, ndipo iwo mwakachetechete ananyamula bokosi la zida la amuna awo n'kukalisungitsa kwa aneba.

Masana omwewo anailumikiza pabalaza. Anayamba ndi nsambo zikuluzikulu, n'kupotokola chokwezera. Makapu m'kabati anayamba kugundana, galu wa aneba anathawira kuseri. Achimwene anaseka ngati mwana, n'kutiyang'ana alamu ndi ine kuti mwaona. Kenako zala zinatsikira kwawo, ku nsambo zing'onozing'ono. Kwa ife mawuwo ankalasa m'mutu ngati singano, alamu mpaka anagwira makutu. Kuseka kwa achimwene kunazima. Anapotokola mpaka chokwezera chinafika pothera. Anamenya kaampulifaya ndi chikhatho, anasintha soketi, anazula waya n'kumuuzira, n'kumubwezera.

"Mbali ya m'munsiyi yafa," anatero. "Pali waya waduka m'katimu."

"Sanaduke, achimwene. Ikulira mpaka mano kuwawa."

"Iwe za magetsi ukuzidziwira kuti?"

"Chabwino, yafa. Ndiye Lolemba tikabweze. Musaitsegule, mwamva? Musaitsegule."

Anagwedeza mutu, koma maso ali pa timadontho toyera tija. Ndinapita kwathu mtima uli m'mwamba, ndipo kudya sindinadye bwino.

Mawa lake alamu anapita kutchalitchi ndi mdzukulu, achimwene anati mutu ukuwawa. Dzuwa litapendeka foni yanga inalira. Alamu anangoti, "Bwerani mudzaone," n'kudula.

Ndinapeza tebulo la pabalaza litayalidwa nyuzipepala. Pamwamba pake gitala inali itagona chagada, mimba yotsegula. Zonse za m'kati zinali zitandandalikidwa mwa dongosolo lake, choyamba kuchotsedwa kumanzere, chomaliza kumanja, mmene amayalira giyabokosi kuti asasokoneze pobwezera. Panali timaginito totola kulira kwa nsambo, zokwezera mawu, masikuluwu m'kasosala. Pambali panali mpeni wa patebulo wopindika nsonga, umene unagwira ntchito ya zida zobisidwa zija. Tizidutswa ta penti yoyera tinali mbwee panyuzipepala. Alamu anali ataima pakhomo la kukhitchini, adakali ndi zovala za kutchalitchi, chikwama chili m'manja.

Achimwene ankazungulira tebulo ndi batire la tochi ndi kababu, akugunditsa waya aliyense. Akagunditsa, kababu kankayaka. Akapita pa wina, kankayakanso.

"Onse ali bwino," anatero osandiyang'ana. "Ndayesa, ndabwerezanso. Palibe waduka. Ndiye vuto lili pati?"

Ndinapsa mtima. Ndinaganiza za njinga yamoto, za ndalama ya alamu ya pansi pa sutikesi, za Maloweruka anga onse. Ndinaima patsogolo pawo kuti asiye kuzungulira.

"Gitala ilibe vuto, achimwene."

"Wati chani?"

"Ndati gitala ilibe vuto! Vuto ndi makutu anu. Nsambo zing'onozing'ono simudzazimvanso, ngakhale mutagula ampulifaya yaikulu ngati nyumba ino. Dokotala anakuuzani. Ndipo penti mwaswa, ndalama yapita."

Ndinachita kukuwa kuti amve, ndipo anamva aneba onse, ndi odutsa mumsewu omwe. Zinandiwawa kuposa mmene ndinkaganizira. Mawu otere amayenera kunenedwa chapansipansi, munthu utamugwira dzanja, koma ine ndinawanena ngati ndikuitanira malonda. Achimwene anayang'ana kababu kali m'manja mwawo, n'kukaika pansi bwinobwino pambali pa masikuluwu.

Zotsatira zake n'zosachita kufunsa. Wokonza mawailesi sitinapiteko n'komwe, mawu ake anali omveka. Kachipangizo kaja kanakwera mtengo, ndipo mpaka lero tikuti tidzagula zinthu zikayenda. Pagalaja bwana anawasunthira kumabuleki ndi matayala, kumene maso ndi manja zimakwanira. Madalaivala akale amawaitanabe Akhutu, atsopano amaganiza kuti n'chipongwe. Iwo akadali omwe aja, othamangira basi imene palibe akuiona. Koma ine chimene chimandibwerera ndikakhala pamakina ndi madzulo a tsiku lomwe lija.

Achimwene anakokera nyuzipepala pafupi n'kuyamba kubwezera zinthu, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Alamu anaika chikwama pansi n'kukateleka madzi osamba. Ine sindinachoke. Achimwene atamanga sikuluwu yomaliza, anakunga nsambo zikuluzikulu okha, chibwano atachigunditsa pathabwa. Atafika pa zing'onozing'ono anaima.

"Mlongo," anatero, ndipo sankakonda kundiitana choncho. "Ndiziliza ziwiri ziwiri. Ukamva zafanana, ukweze dzanja."

Tinachita zimenezo. Iwo akupotokola chokungira pang'onopang'ono, maso ali pa ine, ine ndikumvetsera ngati moyo wanga uli pamenepo. Ndikakweza dzanja ankasiya, n'kupita pa nsambo ina. Titamaliza anagwira chokwezera mawu cha kaampulifaya n'kuchibweza pansi, pansi kwambiri.

"Poti ine sindikumva, musavutike nanu," anatero.

Kenako anaimba. Zala zinapita zokha kumene zinazolowera, ku nsambo zimene kwa iwo zinali zii. Sankayang'ana ife, ankayang'ana zala zawo, mmene munthu amayang'anira ana ake akusewera kutsidya la msewu. Ine za nyimbo sindidziwa zambiri, koma ndawamva achimwene akuimba kuyambira ndili kamtsikana, ndipo sindinawamvepo akuimba chonchi. Gitala yotchipa ija, yosupuka penti, inkatulutsa mawu oyera, aatali, amene ya bokosi sinkawatha. Sanaphonye paliponse. Mdzukulu anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi kaampulifaya, pakamwa pali yasa.

Sindinaone nthawi imene alamu anabwerera. Ndinangowapeza ataima pakhomo la kukhitchini, thaulo lili paphewa, maso ali jenjerere ndi misozi. Mayi ameneyu sachedwa kukhululuka, koma si wonena za mumtima, ndipo zaka zonse zimene ndamudziwa sindinamumvepo akuwayamikira amuna ake pamaso pa anthu. Nyimbo itatha, analankhula motsitsa, ndi mawu awo enieni, amene anali atasiya kuwagwiritsa ntchito m'nyumba imeneyo.

"Bambo a ana, ndinali nditaiwala chimene ndinakukonderani."

Achimwene anaona milomo ikugwedera. Anaweramira kutsogolo, n'kutembenuza mutu kuti apereke khutu labwinoko.

"Mwati chani, mayi?"

Alamu anatsegula pakamwa. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana, anayang'ana windo lotsegula kumene aneba anali asanachoke. Kenako anapukuta maso ndi thaulo lija, n'kukweza mawu mmene amachitira masiku onse.

"Ndati madzi atentha, kasambeni."

"Oo, chabwino," anatero achimwene. Anazimitsa kaampulifaya, anatsamiritsa gitala kukhoma, n'kulandira thaulo akudutsa.

Mawu oyamba aja ndinawamva ndine, ndipo sanali anga.